Dzanja Lobisika M'chitenje

A Pearson Namakhwa anabadwa mu Ogasiti 1957 m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Agogo awo aamuna anali m'gulu la Alomwe amene anawoloka mtsinje wa Ruo pothawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, nadzagwa m'thangata wa tsidya lino. Bambo awo anakalambira m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. Iwo dengulo analikana. Mu 1976 anakwera basi ya ku Limbe, ndipo atasenza matumba pa siteshoni ya sitima kwa zaka zitatu, analembedwa ntchito m'sitolo ina yaikulu ya pikulitsa, ya a Shafik, yogulitsa nsalu, ulusi, sopo, malezala ndi zina zimene ogula a kumudzi ankadzaoda.

Pa chiphaso chawo panalembedwa kuti mlonda, koma chibonga sanachigwirepo. Malo awo anali mpando wautali wa pambali pa chitseko, pomwe munthu ankaona sitolo yonse kuyambira ku mipukutu ya nsalu mpaka ku mashelefu a kumbuyo. Tsiku loyamba a Shafik anawauza chinthu chimodzi chokha: "Nkhope imanama, Pearson. Uziyang'ana manja."

Anayang'ana manja kufikira Disembala 2018. M'zaka zimenezo anadzipangira malamulo awoawo. Dzanja lochedwa pa shelefu linali lokayikitsa. Chigongono chomamatira ku nthiti chinali chitapanira kanthu. Munthu wolankhula kwambiri ndi dzanja lamanzere, lamanja lili phee, anali pa ntchito. Koma mfumu ya zizindikiro zonse inali dzanja lothawira pansi pa chitenje likaona kuti laonedwa. Anatulutsapo malezala m'buledi, ulusi m'shawelo ya khanda, ndi sopo m'chipewa cha mkulu wina wa mpingo. Anyamata osenza katundu anawatcha a Diso, ndipo dzinalo linafala m'misewu ya Limbe kuposa dzina la ubatizo. Nthawi zina ankaimitsa munthu wosalakwa, koma zimenezo sankazisunga m'mutu.

Ntchito yotere siithera pa chitseko cha sitolo. Kutchalitchi, akapatsana moni wa mtendere ndi oyandikana nawo, dzanja lawo linkabwerera m'thumba kukamva ngati zonse zilimo. Pa maliro ankayang'ana manja a amayi ogawa ndiwo. Anthu ankawalemekeza, koma alendo ankachepa pakhomo pawo.

A Shafik atamangirira makamera ku denga la sitolo, anawathokoza bwino, nawapumitsa ndi ulemu. A Namakhwa anabwerera ku nyumba yawo ya ku Chiwembe ndi maso akuthwa ngati kale, koma opanda sitolo. M'nyumbamo munali manja awiri okha oti awayang'ane, a akazi awo a Felicia.

A Felicia anali a ku Mulanje. Anakwatirana mu 1983, ndipo pa ana awo atatu amene anali pafupi anali Tisungeni, wogwira ntchito mu ofesi ya fakitale ina ku Makata ndi kukhala ku Naperi. A Felicia anali mayi wa pakamwa pakuthwa ndi manja osakhala: ankasoka, ankakazinga mandasi, ndipo pa Chiwembe ponse panalibe wowaposa pophika kalongonda. Nyemba imeneyi Alomwe amaidziwa kuti siiseweretsedwa. Imafuna moto wa tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, pakuti ikaphulidwa isanapse imazunguza mutu ndipo ikhoza kupha. Wodya kalongonda amaika moyo wake m'manja mwa wophika. A Namakhwa anadya kalongonda wa a Felicia chiyambire ukwati wawo osafunsapo funso.

Chinthu choyamba anachiona mu Novembala 2021. Anali pa khonde, a Felicia atawaikira mpunga ndi nyemba pa katebulo, eniake n'kukhala pa mkeka chapafupi. Dzanja lamanja la a Felicia linali litatsamira m'mphepete mwa katebulo, pafupi ndi mbale. Chala chachikulu chinkatikitana ndi cha mkombaphala pang'onopang'ono, monga amachitira munthu ponyenya kanthu ka ufa. Maso atakumana, dzanja lija linathawira pansi pa chitenje.

"Mwabisanji umo?"

"Muti?"

"M'chitenjemo."

"Muli ntchafu yanga, bambo a Tisu. Mukufuna lisiti lake?"

A Namakhwa anaseka ndi mano okha. Mpunga uja anadya wa m'mbali, wa pakati n'kuusiya.

Diso likayamba kutola, limatola zonse. A Felicia analeka kuthira tiyi pamaso pa amuna awo. Ankathirira kukhitchini n'kubweretsa kapu yosadzaza. Pokhala pansi ankasankha mbali yoti dzanja lamanja likhale kutali. Makina osokera anavundikiridwa ndi nsalu. Usiku ndi usana m'nyumba munkamveka patapata akukhwekhwereza pansi, ngati munthu wosafuna kuti mapazi ake amveke. Ndipo mu Januwale 2022 a Namakhwa anawatsatira akazi awo chapatali mpaka mumsika wa Limbe, komwe anawaona ataima pa benchi ya sing'anga, pakati pa mabotolo ndi mizu, akulandira kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anakalandira ndi dzanja lamanzere.

Mlandu unatha pomwepo m'mutu mwawo. Chotsala chinali kudziwa mtundu wa mankhwalawo: opusitsa mwamuna kuti azingovomera zilizonse, kapena omutsirizira? Anakumbukira kuti alamu awo a Aleck, mchimwene wa a Felicia amenenso anali nkhoswe yawo, anayamikirapo kukula kwa puloti ya ku Chiwembe. Anakumbukiranso kuti a Aleck anayamikira kawiri.

Kuyambira sabata imeneyo analeka kudya pakhomo. Ankadzuka, n'kuvala jekete, n'kupita ku Limbe kukadya chinangwa chophika pa njanji kapena tchipisi cha pa chiwaya, atayang'anitsitsa manja a wogulitsa. Kunyumba ankati m'mimba simuli bwino. A Felicia sanaleke kuphika. Mbale inkaikidwa pa tebulo yovundikira, n'kuchotsedwa yovundikira. Palibe mkazi wa kuno amene sadziwa tanthauzo la mwamuna wokana chakudya chake: ndi kutukwana kopanda mawu, ndipo anthu oyandikana nawo amakumva bwinobwino.

Tisungeni anaona kuti makolala a malaya a bambo ake ayamba kukula. Pa Lenti wa chaka chimenecho anabwera ku Chiwembe, nawapeza atakhala kuseri kwa nyumba.

"Adadi, mukungouma ngati chimanga cha m'nkhokwe. Mukuganiza chiyani?"

"Munthu wopuma ntchito aganizenji?"

"Ndiye bwerani ku Naperi Loweruka. Kuseri kwathu kuli a Stewart Chikopa, aja anali ku seminale n'kudzakhala aphunzitsi. Amasonkhanitsa anthu pa khonde pawo, amawaphunzitsa kukhala chete ndi kuona zinthu bwinobwino."

Mawu oti kukhala chete anawadutsa. Oti kuona bwinobwino ndi amene anakhala. Chinkawasowetsa mtendere a Namakhwa chinali chakuti zala anaziona, koma ufa ukugwa sanauonepo. M'sitolo sankapereka munthu kwa a Shafik popanda katundu m'manja. Mlandu wopanda katundu umabwerera kwa mwini. Anaganiza kuti mwina maso akalamba ndipo akufunika kunoledwa. Choncho pa 5 Malichi anakwera minibasi ya ku Naperi, kukaphunzira kusinkhasinkha ndi cholinga chokagwira akazi awo.

Malowo sanawakonde. A Chikopa anali bambo wamtali, wa imvi, wolankhula ngati alibe kopita. Pa khonde panali anthu ochepa: namwino wina, dalaivala wa minibasi amene dokotala anamuuza kuti achepetse ukali, ndi mayi wamasiye. Panalibe nyimbo, panalibe mbale ya chopereka. Chimenechi ndicho chinawakayikitsa koposa, pakuti m'Limbe anaphunzira kuti chaulere mtengo wake umabwera pambuyo. Anasankha mpando woyang'ana ku geti. Tiyi anakana. Ena atatsinzina kuti atsatire mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka, iwo anatsinzina diso limodzi, linalo likulondera manja a dalaivala. Mumtima ankadzifunsa ngati si momwemu mmene amayambira magulu a satana aja amanenedwa m'maminibasi.

Pambuyo pake a Chikopa anaika kapu pa tebulo.

"A Namakhwa, ndinu mlendo wathu. Tiuzeni chimene mukuona."

"Kapu yakuba."

"Yakuba?"

"Ili ndi chizindikiro cha a njanji. Makapu amenewa sankagulitsidwa."

"Chizindikirocho ndachiona nanenso. Nanga kubako mwakuona pati? Pa chogwirira, kapena pansi pake?"

Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. A Namakhwa anamuyang'ana mpaka analeka.

"Anandipatsa ndi achimwene anga atapuma ntchito ku njanji," anatero a Chikopa. "Mwina anapatsidwa, mwina anaba, sindinawafunse, ndipo anamwalira. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa. Tiyambirenso. Chiganizo chilichonse chiyambe ndi mawu oti ndikuona, ndipo chithere pomwe diso lathera."

Zinawatengera nthawi. Anati akuona kapu yoyera. Akuona pakamwa pake pobenthuka. Akuona mzere wofiirira m'kati, pomwe tiyi amalekezera. Akuona chogwirira chomatidwa ndi guluu, chopendekera pang'ono. Atafuna kuwonjezera kuti amene anamatayo anali waulesi, a Chikopa anakweza chala, iwo n'kumeza mawuwo.

"Inu ndinu munthu wa m'sitolo, mundimva msanga," anatero mphunzitsiyo. "Diso limalandira katundu. Mtima ndiye umamata mtengo. Umamata mofulumira kwambiri mwakuti timayesa katunduyo anabwera ndi mtengo wake kuchokera ku fakitale. Anthu akale oganiza mozama, a kuno ndi a kutsidya kwa nyanja, anagwirizana pa mfundo imodzi: zimene zimatisautsa kawirikawiri si zinthu, koma mitengo imene tazimata. Pano sitiletsa mtima kumata. Tikungouphunzitsa kudikira kuti katundu ayambe watsitsidwa yense."

Loweruka lotsatira mvula inali itagwa, ndipo a Chikopa anatola nkhono pa mpanda n'kuiika pa tsamba la nthochi. Anati mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha aliyense amaunena, koma pakhondepo ndani anawaonapo masowo? Panalibe. Anakhala mozungulira chigoba chija. Mawondo a a Namakhwa anayamba kuwawa, msana unadandaula, maganizo anapita ku Chiwembe n'kubwerako. Kenaka mutu wonyowa unasuzumira, nyanga ziwiri zazitali zinatambasuka, ndipo kunsonga kwa iliyonse kunali kadontho kakuda. Zinawapweteka kuti munthu wotchedwa a Diso anafika zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi asanaone kanthu kamene kamayenda pa mpanda wake dzinja lililonse. Komabe pobwerera anadzitonthoza kuti diso loona maso a nkhono silingaphonye ufa.

Ntchito imene a Chikopa anawapatsa yokachita kunyumba anaigwira mokhulupirika ngati ya a Shafik. M'mawa, asanalankhule ndi munthu, ankakhala kuseri kwa nyumba kutsatira mpweya wawo, kenaka n'kusankha chinthu chimodzi: tsamba la papaya, mng'alu wa pa khoma, nyerere zosenza phiko la ngumbi. Ankanena chapansipansi zimene akuona, n'kusiya zimene akuganiza. Madzulo, dzuwa lisanalowe, ankabwereza tsiku lonse m'mutu, kupatula katundu ndi mtengo. Anayamba kuzindikira kuti kondakitala amene anamuyesa wachipongwe anangokhala wa mawu osasa, ndi kuti galu wa oyandikana nawo sankauwa iwo okha. A Felicia, powaona amuna awo atatong'olera maso pa khoma milomo ikugwedera, nawonso anamata mtengo wawo: anauza Tisungeni kuti bambo ake alowa gulu, ndipo anawaza madzi odalitsa pa mpando wa kuseri uja.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene a Namakhwa sanachiyang'ane mwa njira yatsopanoyi, nacho ndicho dzanja la akazi awo. Ankaona kuti palibe chifukwa, popeza analidziwa kale. Tsiku lina mu Epulo anatsalira kwa a Chikopa anzawo atapita.

"Aphunzitsi, tiyerekeze munthu waona dzanja likuthira mankhwala m'chakudya chake."

"Mankhwalawo wawaona?"

"Waona zala."

"Ndiye anene kuti zala."

"Zala sizinyenya mphepo, aphunzitsi. Ine manja ndawadyera zaka zambiri."

"N'chifukwa chake akukuvutani. Nkhono munaiona msanga chifukwa simunkaidziwa. Chovuta kuona ndi chimene munthu anachidziwa kale."

A Namakhwa anachoka osatsanzika bwino. Anakayika kuti mwina Tisungeni anakauza a Chikopa nkhani ya pakhomo, ndi kuti onsewo ndi amodzi ndi a Aleck. Anajomba milungu iwiri. Koma kukhala chete kwa m'mawa kunali kutawalowa kale ngati fodya, ndipo anabwereranso.

Kumapeto kwa Meyi a Felicia anagula kalongonda. Anakoleza moto kuseri m'bandakucha, nakhala pa mphikawo tsiku lonse, kutaya madzi ndi kuthira ena, utsi uli m'maso. Madzulo anaika mbale pa tebulo, osavundikira. Fungo lake linadzaza nyumba. A Namakhwa anaiyang'ana mbaleyo, malovu atadzaza m'kamwa, n'kunena kuti adya kale.

A Felicia anachotsa mbale ija mosafulumira.

"Ndatumiza mawu kwa achimwene ku Mulanje. Inunso muuze a Kingstone. Ankhoswe akamva mbali zonse, ine ndinyamuka nawo achimwene tsiku lomwelo. Sindinabwere ku Chiwembe kudzaphikira makoswe."

A Kingstone anali msuweni wa a Namakhwa, nkhoswe ya kuchimuna, wokhala ku Bangwe. Tsiku linaikidwa: Lamulungu pa 19 Juni, anthu akaweruka ku Misa.

Linali tsiku la chiperoni. Phiri la Soche silinkaoneka, ndipo kamvula kosalekeza kanali kunyowetsa malata. Pabalaza, pafupi ndi chitseko, panali chikwama chachikulu ndi mtolo wa ziwiya womanga m'chitenje. Ankhoswe awiriwo anakhala pa mipando, a Felicia pa mkeka atatambasula miyendo, a Namakhwa pa mpando wawo moyang'anana nawo. Mlandu wawo anali atausanja bwino m'mutu monga ankachitira pokapereka wakuba kwa a Shafik: zala za mu Novembala, tiyi wothirira kuseri, sing'anga wa mumsika, puloti yoyamikiridwa kawiri.

Koma mwambo umati wodandaula ayambe, ndipo a Aleck sanali munthu wofupikitsa nkhani. Anayambira mu 1983. Anatchula amene analipo pa chinkhoswe, amoyo ndi akufa. Anafotokoza za ana amene mlongo wawo anabereka, za matenda amene anadwazika, za mandasi amene analipirira sukulu. A Namakhwa analibe chochita koma kudikira, ndipo thupi lawo, litazolowera miyezi itatu ya kudikira kwa mtundu umodzi, linachita zimene linaphunzira. Mpweya unalowa, unatuluka. Maso anagwera pa chinthu chimene chinali patsogolo pawo. Mawu aja anayamba okha mumtima.

Ndikuona chitenje chobiriwira cha Amayi Achikatolika. Ndikuona chikugwedezeka pa ntchafu ya kumanja.

Mtima unathamanga ndi mtengo wake: ndi chomwecho, akunyenya. Anaumva ukubwera, naupempha kuti udikire, katundu sanathe kutsitsidwa.

Ndikuona tebulo lopanda kanthu. Sindikuona mbale. Sindikuona kapu. Sindikuona mphika.

Anabwereza chiganizocho, pakuti chinawadabwitsa. M'chipindamo munalibe chakudya chilichonse choti munthu athiremo kanthu, ndipo mwini dzanjalo anali atamanga kale katundu. Komabe chitenje chinkagwedezeka, mofanana, mosapuma, ngati makina osokera akumveka kuchipinda china.

Ndikuona dzanja lamanzere likubwera kudzapsinja pamwamba. Ndikuona kugwedezeka kukupitirira pansi pake.

Chipewa cha a Aleck chinagwa pansi kuchokera pa bondo. A Felicia anatulutsa dzanja lamanja, natola chipewacho, nachipereka bwinobwino, osanjenjemera. Dzanja linabwerera pa ntchafu, linapuma kamphindi, kenaka chala chachikulu chinayambanso kutikita cha mkombaphala, pakati pake popanda kanthu. Linakokeredwa m'chitenje.

Ndikuona nkhope yosasuntha, maso ophethira mwa apo ndi apo. Ndikuona patapata awiri pa khomo, wa kumanja wodyeka kutsogolo, wa kumanzere wabwinobwino.

Wakuba dzanja lake limanjenjemera pogwira ntchito, n'kudekha akamaliza. Ili linkadekha pogwira ntchito, n'kunjenjemera likapuma. M'zaka zonse za pa mpando wautali sanaonepo dzanja lakuba lotere.

"Achimwene," anatero a Kingstone, "alamu amaliza. Tiuzeni chimene chinakuchotsani pa mbale."

A Namakhwa anachotsa maso pa chitenje chija, nayang'ana ankhoswe.

"Ndinabwera ndi mawu ambiri. Ndiyambe ndapempha chinthu chimodzi. Mayi a Tisu, tulutsani dzanja lanu lamanja."

A Aleck anadzuka theka. "Alamu! Kuno si kusitolo kwa amwenye! Mlongo wanga mukumusecha pamaso panga?"

"Asiyeni, achimwene," anatero a Felicia. Kenaka anatulutsa dzanjalo, nalitambasula pa bondo, chikhatho chili m'mwamba. Linagona pomwepo poyera, likunjenjemera ngati tsamba. "Nali. Fufuzani. Mukapeza kanthu muitane apolisi."

Pa malata kamvula kanapitiriza.

"Linayamba liti?" anafunsa a Namakhwa.

"Mukundifunsa ine? Si inu a Diso?" Mawu a a Felicia anali ouma. "Chaka chatha, nthawi ya masika. Linayamba ndi chala chimodzi. Achimwene, inu mukukumbukira mmene anayambira amayi."

A Aleck anakhala pansi pang'onopang'ono. Amayi awo, kumudzi ku Mulanje, anayamba kunjenjemera dzanja atakula, kenaka mutu. Anthu anati ndi mizimu ya amene anawadya ikuwagwedeza. Ana analetsedwa kulandira chakudya kwa iwo, pa chitsime anthu ankawapatuka, ndipo anamwalira mu 1994 m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, dzina la ufiti lili pamutu. A Namakhwa maliro amenewo anapita nawo. Ankakumbukira bwino manja a amene ankagawa nyama.

"Kwa sing'anga mumsika ndinkakafuna mankhwala a ine mwini," anapitiriza a Felicia. "Munanditsatira, ndinakuonani, jekete lanulo ndi lodziwika Limbe yense. Ndinamwa mizu yowawa miyezi iwiri, osathandiza. Ndikanauza ndani? Munthu amene akapatsana moni ndi ansembe amagwira m'thumba? Ndinati akaona dzanjali anena zimene ananena a kumudzi. Ndiye mwanenadi, kungoti mwanenera pa mbale."

"Ndinkayesa kuti mukundithirira..."

"Ndikudziwa chimene munkayesa! Bambo a Tisu, ine ndikanafuna kukuphani ndikanavutikiranji ndi ufa wa mumsika? Ndikanangophula kalongonda msanga tsiku limodzi, n'kulira nawo maliro mokweza kuposa onse."

A Kingstone anatsokomola pofuna kubisa kuseka, koma anaona kuti palibe wina akuseka. A Namakhwa anatsika pa mpando, nagwada pa simenti, chinthu chimene mawondo awo anali atasiya kalekale. Anapepesa kwa akazi awo, kwa alamu awo, ndi kwa nkhoswe yawo. Anafuna kugwira dzanja lija, koma a Felicia analibweza, ulendo uno osalibisa.

Kupepesa kwa mphindi imodzi sikukanadzaza mbale za miyezi isanu. A Aleck anaumirira kuti mlongo wawo apite nawo. A Kingstone anachonderera kuti ku Mulanje ndi kumene kuli anthu okumbukira amayi aja, ndipo chipatala chachikulu chili kuno. Anamvana pakati: a Felicia akakhale kwa Tisungeni ku Naperi, ndipo adzabwerera ku Chiwembe mtima wawo ukadzafuna, ngati udzafune. Chikwama chija anachisenza a Namakhwa mpaka pa siteji, m'chiperoni, oyandikana nawo akusuzumira m'mawindo.

Mu Julayi dokotala anawayeza a Felicia, nawayendetsa m'chipinda uku ndi uku, nawauza kuti ndi matenda a mitsempha ya mu ubongo amene amagwira anthu ena akamakula, kuno ndi maiko onse. Anati si ufiti, sapatsirana, sachizika, koma mapiritsi amachepetsa kunjenjemerako. A Namakhwa anamvetsera ali chiimire kumbuyo, akuyang'ana manja a dokotalayo, ndipo potuluka anafunsa namwino ngati munthu wamng'ono chotero anamalizadi sukulu.

Kuyambira pamenepo ankapita ku Naperi tsiku lililonse. Ankakhala pa khonde la mwana wawo, a Felicia mbali ina, nthawi zambiri osalankhulana. Chakudya sankapatsidwa, ndipo sankapempha. Loweruka ankazungulira kuseri kwa a Chikopa. Nkhani yonse sanawauze, koma tsiku lina analandira tiyi, m'kapu ya a njanji ija, ndipo mphunzitsiyo sanafunse kanthu.

A Felicia anabwerera ku Chiwembe pa 8 Okutobala, atanena kuti nyumba ya Tisungeni ili ndi masitepe ambiri ndipo palibe chifukwa china. Sabata yotsatira anatuma amuna awo kumsika kukagula kalongonda. Moto anakoleza a Namakhwa. Potaya madzi, wina ankagwira mphika mbali iyi, wina mbali inayo. Wonena kuti wapsa anali a Felicia okha, pakuti chimenecho amuna awo sanachiphunzirepo, ndipo analibe njira yochitsimikizira.

Dzuwa litapendeka, mbale inaikidwa pa katebulo ka pa khonde. A Felicia anakhala pa mkeka, natsamiritsa dzanja lamanja m'mphepete mwa katebulo, pafupi ndi mbaleyo, pomwe linali mu Novembala muja. Mapiritsi anali atachepetsa, koma sanathetse.

"Mukuona chiyani, a Diso?"

"Ndikuona zala ziwiri zikutikitana pafupi ndi mbale yanga."

"Nanga mtima ukuti chiyani?"

A Namakhwa anaumvetsera kaye, pakuti sanafune kunama.

"Ukunena zambiri. Ndi wa m'sitolo, suleka."

Anasamba m'manja, nakokera mbaleyo pafupi, nayambira pakati.